Besi Yomvekera m'Mafupa

Dzina loti a Chibwano silinabwere chifukwa choti chibwano chawo chinali chachitali, ngakhale kuti, kunena zoona, sichinali chachifupi. Linabwera chifukwa cha kachitidwe kawo. Bandi ikafika pamalo oimbira, anzawo ali kalikiliki kukoka zingwe za magetsi ndi kunyamula masipika, iwo ankakhala pakona, n'kukumbatira gitala yawo ya besi, n'kugunditsa chibwano pathupi lake, n'kumatchuna nsambo imodziimodzi, maso ali chitsinzinire. Besi yosalumikiza ku ampu, chokuzira mawu chija, simveka patali, imangong'ung'uza ngati njuchi ya m'botolo. Koma ukaikapo chibwano, mawu amakwera m'fupa n'kufika m'mutu ali athunthu. Anaphunzira zimenezi ali achichepere, nthawi imene analibe ampu, ndipo ampu itapezeka sanasiye.

Mkati mwa sabata a Chibwano ankawongola magalimoto ophwanyika. Galaja yawo inali kumapeto kwa msewu, kuseri kwa malo ogulitsira matayala akale, denga la malata, pansi pali mafuta okhaokha. Anamenya chitsulo pamenepo zaka makumi atatu ndi zinayi. Bambo awo anali okhoma zidebe, ndiye phokoso analiyamwira kubere. Besi yawo yoyamba anapanga okha ndi chitini cha penti, ndodo ya tsache ndi waya wa buleki ya njinga, ndipo bambo awo ataimva anati mwanayu akapanda kusiya, agalu onse a m'dera asamuka. Sanasiye.

Besi imene ankaimba m'bandi inali yopepuka, ya khosi lowonda, yosavuta kugwira. Ankaikonda mochititsa manyazi. Chaka chilichonse ankaipopera penti wotsala wa galimoto imene amaliza, moti inakhalapo yobiriwira, yachikasu, yoyera ngati ambulansi, ndipo pomaliza yofiira. Pakang'ambika pang'ono ankamatapo phala lomatira magalimoto, n'kusalaza, n'kupentanso. Akazi awo ankaitchula kuti mkazi mnzanga. Akaona amuna awo akuipukuta Loweruka m'mawa ankati, "Mkazi mnzanga wasamba kale, ine sopo sindinamuone."

Mtsogoleri wa bandi anali mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa akazi awo, yemwe ankaimba kiyibodi. A Chibwano ndi amene anamuphunzitsa pogwira zala ali pasukulu, koma mwana anakula, anagula jekete lonyezimira, n'kukhala bwana. Ankaimba Loweruka masana, m'maukwati ndi m'maphwando otsanzikana ndi opuma pantchito. Kaimidwe kawo sikanasinthe kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi: mlamu kutsogolo, nkhope kwa anthu, woimba wamkazi pambali pake, ndipo kumbuyo wang'oma ndi a Chibwano. Msana wa mlamu wawo ankaudziwa kuposa nkhope yake.

Zinayamba pang'onopang'ono. A Chibwano anayamba kudandaula kuti anthu a masiku ano amalankhulira m'kamwa. Wailesi ya kunyumba inkakwezedwa mpaka oyandikana nawo anasiya kugula mabatire a yawo. Kenako linafika Loweruka lina la ukwati. Woimba anabwera ndi chimfine, mawu osakwera, ndiye mlamu anatsitsa kiyi ya nyimbo, n'kutembenuza khosi pang'ono, n'kukuwira a kumbuyo. Wang'oma analibe nazo ntchito. A Chibwano sanamve. Anaimba nyimbo yonse m'kiyi yakale, akumwetulira, akugwedeza mutu, mawu awo akuwombana ndi a anzawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Azakhali a mkwatibwi anabwera kudzafunsa ngati sipika yafa.

Lolemba mlamu anafika kugalaja. Anadikira kuti hamala ikhale chete, n'kuima pafupi kwambiri.

"Alamu, pali hotela ikufuna bandi yoimba Lamlungu lililonse masana. Manijala adzatimvetsera pakatha masabata atatu. Mwayi wotere sunatigwerepo."

"Ndiye bwino," anatero a Chibwano.

"Si bwino ayi. Za Loweruka lija si koyamba, ndi kachinayi. Ndinene mosapsatira. Mukaphonya pa pulakatisi yomaliza, kuhotelako besi ndikaimba ndekha pa kiyibodi, ndi dzanja lamanzere."

Mawu amenewo anawamva bwinobwino, onse. Kuchotsedwa n'kulowa munthu mnzako n'kowawa, koma umadzitonthoza kuti mwina wakuposa. Kulowedwa m'malo ndi dzanja lamanzere la mwana amene unamuphunzitsa wekha, pamenepo podzitonthozera palibe. A Chibwano anapsa mtima, ndipo pansi pa kupsa mtimako panali mantha. Loweruka lopanda besi sankadziwa kuti limatha bwanji.

"Vuto ndi besi ija," anatero. "Yakalamba. Mawu ake atha, sindikuimva bwino."

"Ndiye pezani ina, alamu," anatero mlamu, n'kumapita.

Munthu wofuna besi m'tauni imeneyo ankapita kwa Mayi Fyuzi. Shopu yawo inali yopapatiza, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mafoni, yodzaza ndi mawailesi osegula kumsana, simbi zositira ndi maampu. Ntchito anaitengera kwa bambo awo, ndipo dzina anapatsidwa chifukwa sankachedwa kuphulika. Pakhoma panapachikidwa mabesi anayi, osiyidwa ndi mabandi amene anatha ndi matchalitchi amene anagula zatsopano. A Chibwano anafika Lachitatu masana, atasamba m'manja kawiri ndi sopo wa ufa.

Yoyamba inali yakuda, yonyezimira, ya nsambo zisanu, yokhala ndi batire m'kati. Mayi Fyuzi anailumikiza ku ampu n'kunena kuti imeneyi ndi imene achinyamata amalimbirana, chifukwa mawu ake ndi akuthwa, ukaimenya ndi chala chachikulu imalira ngati supuni pambale yagalasi. A Chibwano anaivala. Khosi lake linali lotambalala ngati thabwa, zala zikuchita kudzikoka kuti zifike, ndipo nsambo zatsopano zinali zokhakhala, zikukanda nsonga za zala ngati tupa. Anaimba pang'ono n'kugwetsa nkhope.

"Ilibe mawu iyi. Takwezani."

Mayi Fyuzi anakweza. A Chibwano anati akwezenso. Zomangira za pashelefu zinayamba kuvina, wailesi ina inatsetsereka, ndipo wometa tsitsi anamenya khoma katatu ndi chibakera. Mayi Fyuzi anatsitsa ampu mpaka pansi, n'kuwayang'ana bambowa ndi diso lina.

Yachiwiri inali yaing'ono, ya khosi lalifupi, thupi lake la mphako. Iyi inali yokoma m'manja. Nsambo zake zinali zofewa, zala zikungoyenda osadzikoka, ngati munthu wavula nsapato za ntchito n'kuvala masilipasi. Mayi Fyuzi anati mawu ake ndi obulungira koma safika patali, amangoti bu, n'kufa. A Chibwano anaimva ikunjenjemera pamimba, koma kunjenjemera kwake kunali kumodzimodzi paliponse pamene agwira, pamwamba ndi pansi. Anaibweza monyinyirika, chifukwa phewa lawo linali litaikonda.

Yachitatu inalibe timizere tachitsulo tija ta pakhosi, timene timauza chala poima. Khosi lake linali losalala kuyambira kumutu mpaka kuthupi. Besi yotere ikagwidwa ndi katswiri imaimba ngati munthu, imatha kulira, imatha kunyengerera. Koma chala chikaphonya pang'ono pokha mawu amakhota, ndipo amene amawongola ndi khutu basi. A Chibwano anatsetsereka pakhosipo mokondwa, akuona ngati akuchita zamphamvu. Kasitomala wa wometa anasuzumira pakhomo, mutu utametedwa theka, kuti aone chimene chikuphedwa. Mayi Fyuzi anaitenga besiyo m'manja mwawo mwaulemu n'kuipachika.

"Nanga iyo ya kukonayo?" anafunsa a Chibwano.

"Imeneyo musavutike nayo. Yakhala pamenepo zaka zitatu. Aliyense akainyamula amaibweza asanaiimbe."

Inali yonyansa ndithu. Penti anali atachoka pafupifupi paliponse, mtengo uli pamtunda, wakuda ndi thukuta la anthu osadziwika. Kopotokolera nsambo kamodzi kanali katathothoka. Khosi linali lonenepa ngati mpini wa hamala yaikulu, ndipo kulemera kwake, a Chibwano ataivala anamva lamba akuluma paphewa. Nsambo zake zinali zakale, zosalala, za mtundu uja wosakanda zala. Anakhudza nsambo yaikulu kamodzi. Chinthucho chinayankha m'mimba, chinakwera m'nthiti, chinafika m'mano. Anagwira pena, chinayankha mosiyana. Anagwira penanso, chinasinthanso. Mosadziwa anawerama, chibwano chinapeza malo ake pamtengo paja, maso anatsinzina, ndipo anayamba nyimbo ya ukwati ija imene inawachititsa manyazi.

Anaiimba yonse, osadumpha ndime. Anali asanaimve choncho kwa zaka. Atamaliza anatsegula maso, nkhope ili ngwee.

"Mwamva, mayi? Awa ndiye mawu. Ndimanena ine kuti vuto ndi besi. Ngakhale ampu yanuyi yasangalala."

Mayi Fyuzi anali ataima pafupi ndi khoma. Pa soketi imodzi yokha ya m'shopumo panali palumikizidwa simbi ya kasitomala wina amene anabwera a Chibwano ali mkati mwa nyimbo. Pulagi ya ampu inali m'dzanja la mayiwo.

"Bambo, ampu ndinaizula musanafike ndime yachiwiri. Ine ndi mayi a simbiwa sitinamve kalikonse, timangoona zala."

A Chibwano anayang'ana pulagiyo, n'kuyang'ana kanyali ka ampu kamene kanali kozima.

"Ndakhala ndikukuonani kuyambira besi yoyamba ija," anapitiriza Mayi Fyuzi, mawu atakweza, akuwayang'ana kumaso. "Mabesi onsewa ndi abwinobwino. Chofunika kukonza ndi makutu anu, ndipo zimenezo muno sitikonza."

Anavula besiyo, anaitsamiritsa kukhoma, anatuluka osatsanzika. Mumsewu anawatukwana mayiwo chamumtima mpaka pamalo a matayala. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limene wakutsinalo sumufunira zabwino.

Kugalaja anatenga hamala n'kuyamba kuwongola chitseko cha minibasi, kuti mtima utsike. Atamenya kangapo anaima. Kale ankadziwa kuti chitsulo chabwerera m'malo chifukwa cha kulira kwake, pokhota chimalira mogontha, powongoka chimalira momasuka. Anamenyanso, akutchera khutu. Kulira kuja sanakumve. Chimene chinkawauza chinali mpini, mmene unkabwezera m'dzanja. Anazindikira kuti akhala akugwira ntchito choncho kwa nthawi yaitali osadziwa, ndipo magalimoto ankatuluka owongoka ndithu. Anakhala pa tayala, hamala ili pamwendo, ndipo anachita chisoni chachikulu.

Madzulo anawauza akazi awo zonse, akuyembekeza kuti adabwa. Mayiwo anapitiriza kupinda zovala.

"Bambo, zaka ziwiri tsopano ndimayamba ndakugwirani paphewa ndisanalankhule. Mumayesa chikondi chachuluka?"

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuzani. Simunamve."

Anaseka onse awiri, kenako a Chibwano anapukuta m'maso ndi malaya amene anali atangopindidwa. M'mawa mwake anapita limodzi kuchipatala. Kumeneko anawaveka zomvera, anawauza kuti azikweza dzanja akamva kulira, ndipo dzanja linakwera kochepa. Dokotala anati zimene zapita zapita, zotsalazo aziteteze, azitseka m'makutu akamamenya chitsulo. Anawalemba pamndandanda wa odikira timakina tothandiza kumva, n'kunena kuti zimatenga miyezi. A Chibwano analibe miyezi. Anali ndi masabata awiri ndi theka.

Potuluka pachipata anatemetsa nkhwangwa pamwala. "Dzanja lamanzere la mlongo wanu silindichotsa ine," anawauza akazi awo. "Ndikachoka ndichoka nditayesa zonse."

Lachisanu anabwerera kwa Mayi Fyuzi, besi yofiira ili kumsana. Anapepesa kaye chifukwa chochoka osatsanzika. Kenako anati ampu isayatsidwe n'komwe.

"Ndikufuna ndiziyese zonse kachiwiri, koma mmene ndingaziimbire. Ine ndivala, nditsinzina. Inu muzigwira paliponse pakhosi n'kukhudza nsambo, ine ndizitchula kuti ndi pati."

Mayi Fyuzi anatseka chitseko theka, n'kuika pambali wailesi imene ankakonza. Anayamba ndi yakuda ya batire ija. Pa maulendo khumi a Chibwano analondola anayi. Mphamvu ya besi imeneyo inali m'mawaya ake, mtengo wake unalibe zambiri zonena. Yaing'ono ya mphako inanjenjemera kwambiri kuposa zonse, koma mosokonekera, ngati anthu ambiri akulankhula nthawi imodzi, ndipo analondola atatu. Yopanda timizere anaidumpha, a Chibwano anati munthu amadziwa msinkhu wake. Kenako anavala yawo yofiira, molimba mtima, poti iyi ankaidziwa ngati chikhato chawo.

Analondola awiri. Anati ayambirenso, n'kulondola atatu.

Mayi Fyuzi anaitembenuza besiyo, anaigogoda ndi chala, n'kutenga sikuludalaiva n'kukanda pang'ono kumsana, pobisika. Pansi pa penti wofiira panatuluka woyera, pansi pake wachikasu, pansi pake wobiriwira, pansi pake phala lomatira, ndipo mtengo sunaonekebe.

"Mwaipenta kangati iyi?"

"Chaka chilichonse, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kuti isawonongeke."

"Mwaiveka zikhoti khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndiye mukufuna muimve ikupuma? Si galimoto iyi, bambo. Pa ampu izilirabe, poti mawaya ali moyo. Koma pachifuwa panu siinganene kanthu, mwaitseka pakamwa ndi chikondi chanucho."

Zinawawawa kuposa za makutu zija, chifukwa izi anachita okha, ndi manja awo, akunyadira. Anavala yonyansa ija. Mayi Fyuzi anagwira, anakhudza, a Chibwano anatchula. Anagwira pena, anatchula. Mawu a pansi ankafika m'mimba, otakata, ochedwa kutha. A pakati ankafika pafupa la pachifuwa. A pamwamba ankangogwedeza pang'ono pansi pa khosi, koma aliwonse anali ndi pake. Pa khumi analondola asanu ndi anayi, ndipo pa limodzi lophonyalo Mayi Fyuzi anavomera kuti chala chawo ndicho chinaterereka.

"Ukaipa dziwa nyimbo," anatero mayiwo, akupukuta fumbi pabesi ija ndi kansalu. "Siyani yofiirayo. Achinyamata a kwaya amagula ndi maso, sikhalitsa pakhomapa. Tengani chilemacho."

A Chibwano anaipachika okha besi yofiira pamsomali umene panali inzake ija. Anaiwongola kuti isapendekeke. Anaima pang'ono, kenako anatuluka osacheuka, phewa likulira kale ndi katundu watsopano. Akazi awo ataiona anati, "Mwasiya mkazi mnzanga wokongola uja n'kutenga agogo awa?" Koma tsiku lomwelo anatenga lamba wa mpando wa galimoto yakufa ndi siponji ya mpando womwewo, n'kusoka lamba wotambalala woti asalume phewa. A Chibwano anamufupikitsa kuti besi izikhala m'mwamba, yogunda pafupa la pachifuwa. Ankaoneka ngati munthu wanyamula mwana wodwala, koma za maonekedwe anali atazisiya pamsomali paja.

Kudzimva wekha ndi theka chabe la ntchito. Wa besi amayenda ndi ng'oma yaikulu ija yoponda ndi phazi, akasiyana nayo ovina amasokonezeka miyendo. Apa mpamene galaja inathandiza. Kuseri kunali lole yakale imene mwini wake anaiiwala, ndipo a Chibwano anazulapo thabwa lalitali la pansi, louma gwa. Analipala, anakhoma timapazi ta labala ya tayala kunsi kwake kuti lisagone pasimenti, n'kuitana wang'oma kuti abwere ndi ng'oma yake Lamlungu masana. Anaika mwendo wa ng'oma kumapeto kwa thabwa, sipika ya besi kumapeto enawo, iwo n'kuima pakati atavula nsapato. Wang'oma anaponda. Kugunda kunabwera m'zidendene, koonekeratu ngati munthu akugogoda pachitseko.

Anayeserera masana alionse pa nthawi yopuma, masabata awiri. Khosi lonenepa lija linawatupitsa dzanja masiku oyamba, nsambo zolimba zinang'amba khungu lokhakhala la kunsonga za zala n'kupanga latsopano. Wang'oma, munthu wosalankhulalankhula, tsiku lina anangoti, "Chikhalireni sitinagwirizanepo chonchi." Koma a Chibwano ankadziwa kuti patsala bowo limodzi limene thabwa silingatseke. Kiyibodi ilibe mwendo woika pathabwa.

Pulakatisi yomaliza inali Lachisanu masana m'holo ya sukulu. A Chibwano anafika ndi thabwa paphewa, besi yonyansa kumsana. Woimba anaseka mpaka kugwira pamimba. Mlamu anayang'ana mapazi opanda nsapato aja, n'kufunsa ngati nsapato nazonso mawu ake atha.

A Chibwano anayala thabwa, anaimapo, n'kulankhula asanalumikize chilichonse.

"Ndili ndi mawu. Makutu anga atha. Ndakhala ndikunamizira besi, ndikunamizira anthu kuti amalankhulira m'kamwa. Ukwati uja ndinauwononga ndine, ndipo ndapepesa." Anaika dzanja pabesi. "Tsopano besi ndikuimva ndi chifuwa, ng'oma ndikuimva ndi mapazi. Koma inuyo alamu sindikumvani, ndipo sindidzakumvaninso. Mukasintha kiyi n'kukuwa, mukukuwira khoma. Zaka zonsezi ndaona msana wanu. Ndikupempha ndizionako zala."

Malo a kutsogolo aja anali moyo wa mlamu, kumwetulira kwa anthu, jekete likuwala, ndipo zimenezo aliyense ankadziwa. Anangoti, "Tiyeni tiimbe."

Anaimba nyimbo zisanu, ndipo besi ndi ng'oma zinayenda ngati miyendo ya munthu mmodzi. Woimba anasiya kuseka. Pa nyimbo yachisanu ndi chimodzi mlamu anakweza kiyi pakati, osatembenuka, osakuwa. A Chibwano anapitirira m'kiyi yakale mpaka anaona mapewa a woimba akukwera m'mwamba. Anaima. Onse anaima.

"Mwaona?" anatero mlamu.

"Ndaona. N'zimene ndanena zija."

Mlamu anazimitsa kiyibodi, anaikulunga m'nsalu yake, n'kunena kuti mawa aliyense afike kuhotela isanakwane 2 koloko. Za besi sananene kuti inde kapena ayi. Kunyumba akazi awo anafuna kupita kukalankhula ndi mlongo wawo, koma a Chibwano anakana. Anati sakufuna malo opemphedwa ndi mkazi, ndipo mawa apita ndi thabwa lawo, akabwezedwa akabwezedwere pamaso pa anthu.

Loweruka anayenda wapansi, poti minibasi inakana thabwa. Mlonda wa pageti la hotela anawalozera khomo la amisiri, ndipo iwo sanatsutse, analowera komweko. Malo oimbira anali pakhonde lalikulu loyang'ana pabwalo la udzu, matebulo a nsalu zoyera ali ndii, manijala atakhala kale ndi kapu ya tiyi. Ng'oma zinali pamalo ake. Choikapo maikolofoni ya woimba chinali kutsogolo, pakati, chokhachokha. A Chibwano anafunafuna kiyibodi pamalo ake a masiku onse, osaipeza.

Inali kumbali, kumapeto kwa khonde, itatembenuzidwa cham'mbali, moti mlamuyo anthu azimuona phewa limodzi ndi khutu. Makiyi ake oyera ndi akuda anali poyera, molunjika ndi pamene thabwa linayenera kugona. Mlamu anali atawerama, akulumikiza zingwe, jekete lonyezimira lili pampando.

"Dzuwa likuwomba m'maso kutsogoloko," anatero osadzuka, koma mokweza, akutchula liwu lililonse bwinobwino. "Yalani thabwa lanulo, alamu, nthawi yatha."

Kunali mitambo tsiku limenelo. A Chibwano anayala thabwa, anavula nsapato n'kuziika pambali mwadongosolo, anagunditsa chibwano pamtengo wakuda uja n'kutchuna nsambo zinayi. Manijala anayang'ana mapazi awo, n'kuyang'ana mlamu, koma wang'oma anali atawerenga kale ndi timitengo take.

Nyimbo yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa. Operekera zakudya anayamba kuyenda motsatira besi osadziwa. Pa yachitatu woimba, chifukwa cha mantha, anayambira m'mwamba kuposa mmene anapanganirana. A Chibwano sanamve zimenezo. Anangoona dzanja lamanzere la mlamu likunyamuka pang'ono, likudikira mpaka maso awo afike, kenako likutera pa kiyi yatsopano, chala chaching'ono chitatsindika. Anasuntha dzanja lawo pakhosi lonenepa lija, ndipo mawu atsopano anayankha pachifuwa, pamalo ake enieni.

Mlamu anagwedeza mutu kamodzi. Kenako anachotsa dzanja lamanzere pa kiyibodi, n'kuliika m'thumba la buluku, n'kupitiriza ndi lamanja lokha. Pansi ponse pa nyimboyo panatsala a Chibwano. Anaponda thabwa mwamphamvu ndi zidendene zonse ziwiri, maso ali pa thumba lija, ndipo dzanjalo silinatulukemo mpaka nyimbo inatha.